Musatiuze nambala yake, tiuzeni anamenya ndani

Mnyamata akangopambana nkhonya khumi zotsatizana muno mu Harare, nyimbo imakhala imodzi: wakwana ameneyu, mpatseni lamba, mtumizeni kunja. Promota amasindikiza chithunzi chake atakunga zibakera, pansi n'kulembapo 10-0, kutanthauza kupambana kakhumi osagonjapo, ndipo anthu akwathu a ku Mbare, Mufakose ndi Mabvuku amayamba kumuwerengera madola amene sanawagwire n'komwe. Ikadzamveka mbiri yoti bungwe lina lamuika pa nambala 14 padziko lonse, ndiye basi, aliyense wofunsa funso amatchedwa wanjiru. Tifunsabe. Kusagonjapo ndiponso nambala ya pamndandanda sizitiuza ngati munthu wayenera nkhonya yaikulu. Zimene zimatiuza ndi mayina a anthu amene analowa nawo mu ringi, komanso zimene iye anachita zinthu zitafika pothina.

Nambalayo ambiri amaitenga ngati zotsatira za mayeso, pamene si mmene imabwerera. Mabungwe akuluakulu alipo anayi, WBC, WBA, IBF ndi WBO, ndipo lililonse lili ndi mndandanda wakewake pa gulu lililonse la kulemera. Kuti munthu aloledwe kulimbirana lamba wa dziko lonse, kawirikawiri amayenera kukhala pakati pa anthu 15 oyambirira a bungwelo. Mndandandawo umalembedwa ndi komiti, ndipo komitiyo ndi ya bungwe limene limadya pa nkhonya iliyonse yokhala ndi lamba wake. Pa lamba wa dziko lonse limadula pafupifupi 3 peresenti ya malipiro a wankhonya aliyense, promota nayenso n'kulipira zake. N'chifukwa chake malamba anaswana chonchi. WBC ili ndi Silver ndi International, WBO ili ndi Africa, Global ndi Inter-Continental, WBA nayo ili ndi akeake. Promota akalipirira kalamba kotere, n'kupeza mdani wofewa woti bungwe limuvomereze, mnyamata wake akapambana amalowa pamndandanda kapena kukwera. Palibe amene waba apa, malonda ake ndi omwewo. Koma tisamanamizane kuti nambala 14 ikutanthauza kuti padziko pali anthu 13 okha omuposa. Amene ali ndi malamba a mabungwe enawo nthawi zambiri sawerengedwamo, ndipo akatswiri ena oopsa sapezekamo chifukwa promota wawo amadyera limodzi ndi bungwe lina.

Wokayika akumbukire Darrin Morris wa ku America. Anamwalira mu Okutobala 2000, koma WBO inapitiriza kumukweza ali m'manda mpaka anafika pa nambala 5. Francis Ngannou wa ku Cameroon anamenya nkhonya yake yoyamba mu Okutobala 2023 n'kugonja pa mapointi kwa Tyson Fury, ngakhale anamugwetsa mu raundi yachitatu. WBC inamuika pa nambala 10 asanapambanepo ngakhale kamodzi. Mu Malichi 2024 Anthony Joshua anamukomola mu raundi yachiwiri, ndipo kagwedwe kake kanali kochititsa nthumanzi. IBF ili ndi kachizolowezi kabwinoko pang'ono, malo a nambala 1 ndi 2 imawasiya opanda munthu mpaka wina atawapeza pa nkhonya ya chipulula, koma kuyambira pa 3 kutsika m'munsi nkhani yake ndi ya komiti basi.

Tsono mbiri ya 12-0 muziiwerenga chonchi. Tsegulani pa foni BoxRec, tsamba la pa intaneti losunga mbiri za ankhonya, dzina la mnyamata wanu mulisiye kaye, muyang'ane mzere wa adani ake. Pafupi ndi dzina lililonse pamalembedwa mmene mdaniyo analili pa tsiku la nkhonyayo. Mukapeza 0-0, 2-7, 3-11, kenako bambo wa zaka 39 amene anali atapuma zaka zitatu, mwadziwa kale theka la nkhani. Dinani dzina la mdani amene akuoneka wabwinoko, muone nkhonya zake zisanu zomaliza asanakumane ndi wathuyu. Ngati anakomoledwa katatu mwa zisanuzo, ameneyo anabwerera malipiro, sanabwere kudzapambana. Onaninso kulemera. Munthu amene moyo wake wonse wamenya pa lightweight, pamene malire ndi makilogalamu 61.2, akamukweza kuti akumane ndi wa welterweight, ya makilogalamu 66.7, pa sikelo amaoneka olingana, koma mawa lake wamkuluyo atamwa madzi n'kudya nsima amakhala atamusiya kutali. Pomaliza werengani maraundi m'malo mwa nkhonya. Nkhonya 12 zimene zambiri zinatha mu raundi yoyamba kapena yachiwiri mwina zonse pamodzi ndi maraundi 25, ndipo palibe imene inadutsa raundi ya 6. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Maraundi tikuwalimbikira chifukwa nkhonya ya lamba ndi masewera ena. Ya amuna ndi maraundi 12 a mphindi zitatu, mphindi 36 zoponyerana, ndipo ya amayi kawirikawiri ndi maraundi 10 a mphindi ziwiri. Makwerero a 4, 6, 8 ndi 10 sanaikidwe mwangozi. Munthu wozolowera kumaliza msanga amatsanula mphamvu zake zonse m'maraundi anayi oyamba, akudikira kuti mdani agwe. Mdani wapamwamba sagwa. Amatseka nkhope, amamenya m'nthiti ndi pamimba, amagwira n'kutsamira kuti miyendo ya mwana ilemere. Pofika raundi ya 8 zizindikiro zimaoneka ngakhale mutakhala kumbuyo kwenikweni kwa holo. Dzanja lamanzere likaponyedwa silibwereranso pachibwano, limagwera pachifuwa. Mapazi amene ankavina aja amangopondera pansi. Pakamwa pamatseguka pofuna mpweya, ndipo chibwano chotseguka ndicho chimakomoletsa munthu ndi chibakera chimene akanachipirira mu raundi yachiwiri. Onjezanipo bala la pachikope, magazi akulowa m'diso, anthu a pakona ali ndi mphindi imodzi yokha yoti apukute, adinikize ndi thonje la mankhwala, apake Vaseline, n'kumuuza mawu awiri omveka. Zimenezi siziphunzirika pomenya thumba mu jimu, ndipo tsiku loyamba kukumana nazo lisakhale tsiku limene kutsogolo kwaima mwini lamba.

Edgar Berlanga anapambana nkhonya zake 16 zoyamba zonse mu raundi yoyamba. Adani atakwera msinkhu kukomola kuja kunazilala, nkhonya zisanu zotsatira zonse zinathera kwa majaji. Dzina linamufikitsabe kwa Canelo Alvarez mu Sepitembala 2024, komwe anagonja mosakayikitsa, ndipo mu Julayi 2025 Hamzah Sheeraz anamumaliza mu raundi yachisanu. Gary Russell Jr anali ndi 24-0 mu Juni 2014 pamene anakumana ndi Vasiliy Lomachenko, amene anali ndi nkhonya ziwiri zokha za malipiro, imodzi mwa izo yogonja. Lomachenko ndiye anapambana, n'kutenga lamba wa WBO. Papepala zinali zodabwitsa, koma Lomachenko anabwera ndi mendulo ziwiri za golide za Olympics, ya 2008 ndi ya 2012, komanso nkhonya pafupifupi 400 za amateur, zosamenyera malipiro. Choncho kufulumira pakokha si mlandu, alipo anthu amene sukulu yawo anaiphunzirira kale kwina. Kwa mnyamata wa ku Highfield amene akufuna kudumpha makwerero funso ndi lomwelo: iwe unaphunzirira kuti?

Mkangano womwewu unabuka pa Moses Itauma wa ku Britain. Mu 2025 WBO inamuika pa nambala 1 pa heavyweight ali ndi zaka 20, asanadutsepo raundi ya 6. Mu Ogasiti chaka chomwecho anamaliza Dillian Whyte mu raundi yoyamba ku Riyadh. Liwiro la manja ake palibe angalikane. Koma Whyte anali ndi zaka 37, masiku ake abwino atapita, ndipo usiku umenewo sunayankhe funso lililonse la mpweya kapena la chibwano. Pa nthawi imeneyo nambala 1 inkalosera za mawa, sinkanena za ntchito imene inali itagwiridwa kale.

Kuno kwathu chitsanzo cha nambala yokhetsera thukuta ndi Charles Manyuchi. Mu 2013 anakatenga lamba wa ABU, bungwe la nkhonya la mu Africa, ku Burkina Faso, kwawo kwa mdani. Mu 2014 anatenga wa WBC International ku Lusaka atagonjetsa Patrick Allotey wa ku Ghana, mu 2015 anakateteza lambayo ku Italy, ndipo mu Meyi 2016 anapita ku Ekaterinburg n'kukagonjetsa pa mapointi Dmitry Mikhaylenko, amene anali asanagonjepo, n'kubwera ndi lamba wa WBC Silver. Kupambana pa mapointi kwa eni ake, majaji akumva phokoso la anthu a kumeneko pa chibakera chilichonse cha mwana wawo ngakhale chogwera pa golovesi, ndi umboni wolemera kuposa kukomola anthu khumi ku City Sports Centre muno mu Harare. Kenako mu Malichi 2017 ku Singapore, Qudratillo Abduqaxorov, amene anali ndi nkhonya pafupifupi khumi zokha, anamumaliza mu raundi yoyamba, Manyuchi akusewera manja ali pansi. Alipo amene amati kugonja kumeneko kunaulula kuti nambala yake inali yabodza. Sizoona. Anaigwirira ntchito, kungoti pamwamba pamenepo kulakwitsa kamodzi kumakwana.

Kudakwashe Chiwandire anali asanakwanitse nkhonya khumi pamene anapita ku Lusaka mu Febuluwale 2022 kukakumana ndi Catherine Phiri, yemwe anakhalapo ndi lamba wa dziko lonse wa WBC. Wowerenga chiwerengero chokha akanati mwanayu sanayenere. Anapambana pa mapointi, n'kutenga lamba wa WBC wogwirizira (interim) wa super bantamweight. Mu Okutobala chaka chomwecho anateteza lambayo ku Harare International Conference Centre pamaso pa Zulina Muñoz wa ku Mexico, mayi wa nkhonya zoposa 50. Mayina awiri amenewo ndi amene anamuyenereza kupita ku Mexico mu Malichi 2023 kukakumana ndi Yamileth Mercado. Anagonja pa mapointi, koma palibe munthu wanzeru anganene kuti malowo anapatsidwa mwachifundo.

Ndipo apa ndi pamene ambiri timasokonekera: timaopa kugonja mpaka kuiwala kufunsa kuti anagonja kwa ndani, ndiponso motani. Isaac Chilemba, wobadwira ku Blantyre n'kukakhwimira ku Johannesburg, anafanana mphamvu ndi Tony Bellew ku Liverpool mu 2013, n'kugonja pa mapointi pobwereza. Mu Novembala 2015 anagonja mwapafupi kwa Eleider Alvarez, komabe mu Julayi 2016 anapatsidwa Sergey Kovalev, yemwe anali ndi malamba a dziko lonse, ndipo anamaliza naye maraundi onse 12. Mu 2018 anachitanso chimodzimodzi ndi Dmitry Bivol. Mbiri yake ili ndi zipsera, koma aliyense wa light heavyweight wa nthawi imeneyo ankadziwa kuti usiku wa Chilemba ndi wautali. Anisha Basheel anayamba ndi kugonja kangapo, koma mu 2018 anakatenga lamba wa Commonwealth ku London atamaliza Sam Smith mu raundi yoyamba. Akanakhala kuti anatayidwa chifukwa cha chiyambi chakecho, lambayo sakanafika ku Malawi. Derek Chisora, mwana wa ku Mbare, anakumana ndi Vitali Klitschko, mwini lamba wa WBC pa nthawiyo, ku Munich mu Febuluwale 2012 atagonja nkhonya ziwiri mwa zitatu zomaliza. Imodzi mwa ziwirizo inali ya Robert Helenius ku Helsinki, imene ambiri oonera anati Chisora anaberedwa. Anthu a nkhonya anakhulupirira maso awo kuposa pepala la majaji, ndipo Chisora anaima ndi Klitschko mpaka belu lomaliza.

Pali yankho limene mamanijala amapereka, ndipo si lopepuka. Amati inu olemba mumalankhula muli pampando. Mu Harare mipikisano ya nkhonya imabwera mwa apo ndi apo, pa kulemera kumodzi anthu oti n'kumenyana nawo ndi owerengeka, ndipo mdani wabwino amayenera kuchokera ku Lusaka, Lilongwe, Windhoek kapena Johannesburg, n'kumulipirira ulendo, malo ogona, zachipatala ndi malipiro okwera. Mnyamata ali ndi lendi, mwina ndi mwana, ndipo thupi la wankhonya silidikira. Lamya ikalira kuchokera ku Ulaya ndi ndalama zoposa zimene angapeze pa nkhonya khumi za kuno, mumuuza bwanji kuti adikire?

Zonsezo n'zoona, ndipo sitikunena kuti akane ndalama. Koma tidziwe chifukwa chimene lamyayo yalirira. Wokonza nkhonya wa kunja nayenso amatsegula BoxRec yomweyo, ndipo amaiwerenga bwino kuposa ife. Chimene amafuna ndi munthu wa 12-0 amene sanamenyepo aliyense, chifukwa pa chikwangwani amaoneka woopsa pamene mu ringi alibe ngozi. Mbiri yonenepetsedwa ija, imene promota wa kuno ankati ikumuteteza mwana, ndi imene imamusankhitsa kuti akakhale makwerero a mwana wa eni ake. Chizindikiro chake ndi nthawi. Wolemekezedwa amauzidwa kudakali milungu isanu ndi itatu kapena khumi. Woitanidwa kudzagonja amauzidwa kutatsala milungu iwiri.

Milungu iwiri imeneyo tiione pafupi. Wa welterweight amene pa masiku wamba amalemera makilogalamu 74 ayenera kutsitsa oposa 7. Pa milungu isanu ndi itatu ambiri mwa amenewo amachoka ndi chakudya chabwino ndi kuthamanga, madzi n'kuchepetsedwa masiku omaliza okha. Pa milungu iwiri njira imatsala imodzi: kuvala mapulasitiki, kulumpha chingwe m'chipinda chotentha, kulavula, kugona ndi ludzu. Pa sikelo amakwana, milomo itauma, maso atalowa. Amakhala ndi tsiku limodzi loti abwezeretse, ali m'hotela ya dziko lachilendo, chakudya chosazolowera, tulo tosokonekera ndi ndege. Thupi louma chonchi limatha mphamvu msanga ndipo silipirira zibakera za kumutu. Kuthamanga m'misewu ya Harare, mzinda umene uli pafupifupi mamita 1,500 pamwamba pa nyanja, kumapatsa mpweya wabwino ndithu, koma sikulowa m'malo mwa sparring, nkhonya yoyeserera mu jimu, ya maraundi khumi ndi anthu atatu osinthana, mmodzi wa iwo womenya ngati mdaniyo, makamaka ngati mdaniyo ndi wamanzere.

Ndalama nazo tiziziwerenga zitafika m'thumba. Tiyerekeze kuti malipiro ndi madola 10,000. Manijala akatenga gawo limodzi mwa magawo atatu, kochi 10 peresenti, bungwe 3 peresenti ngati pali lamba, zotsala zimangopitirira 5,000 pang'ono, ndipo pamenepo msonkho wa dziko la eni ake ndi ngongole za pokonzekera sizinachoke. Akakomoledwa amaletsedwa kumenya kwa mwezi kapena kupitirira, nambala ija imagwa pamndandanda wotsatira, ndipo lamya yachiwiri imabwera ndi mtengo wotsika chifukwa tsopano akudziwika kuti amagwa. Wogonja pa mapointi atalimba maraundi onse amaitanidwanso, nthawi zina pa ndalama zochuluka. Kusiyana kwa awiriwa nthawi zambiri kumakhala kukonzekera ndi maraundi amene anadutsamo kale kunyumba.

Ndiye tikamati wayenera, tikutanthauza zinthu zooneka. Akhale atagonjetsa munthu mmodzi, makamaka awiri, wa kulemera kwake kwenikweni, wopambana zambiri kuposa zogonja, amene anakonzekera n'kubwera kudzapambana. Akhale atamalizapo maraundi 8 kapena 10 pa liwiro lenileni, osati kuzungulirana ndi munthu wongobisala. Ndipo tikhale titamuonapo atapwetekedwa, kapena ali kumbuyo pa mapointi, kapena ali kutali ndi anthu ake, n'kupeza njira. Lamba wa dziko lino ayambe, kenako wa ABU kapena wofanana naye, womenyera ndi munthu amene dzina lake likudziwika. Langton Tinago, amene anatenga lamba wa Commonwealth katatu m'zaka za m'ma 1980, anali ndi kugonja kochuluka pa mbiri yake, ndipo palibe wa ku Gweru kapena ku Mbare amene amamukumbukira ndi chiwerengero chimenecho.

Gawo lina ndi la mabungwe oyang'anira. Zimbabwe National Boxing and Wrestling Control Board ndi imene imapereka ziphaso, kuvomereza kuti uyu amenyane ndi uyu, ndiponso kulemba kalata yololeza wankhonya kukamenya kunja. Malawi Professional Boxing Control Board imachita chimodzimodzi kwa anyamata amene amakwera basi kudzera ku Mwanza ndi Nyamapanda kudzamenya kuno. Mphamvu yokana ili m'manja mwawo mbali zonse ziwiri. Angathe kukana kuti wa 11-0 apatsidwenso munthu wa 1-6, ndipo angathe kufunsa manijala kuti mnyamata amene sanadutsepo raundi ya 6 akupita bwanji ku nkhonya ya maraundi 12 kutatsala masiku 14. Promota adzadandaula, chifukwa mdani weniweni amadula ndipo angathe kuwononga chikwangwani cha mwezi wamawa. Ife ogula matikiti tingamuthandize kusankha. Chikwangwani chikatuluka, tisanafunse mtengo wa pakhomo, tifunse kuti wa pakona inayo ndi ndani, amalemera bwanji, ndipo nkhonya yake yomaliza anapambana liti.